Kodi achira? Mbiri ya luso lolosera matenda a m'mutu pa Gulupu

Minibasi yochokera ku Limbe ikadutsa pa Chichiri n'kuyamba kutsetserekera ku Ginnery Corner, kondakitala sasowa kufunsa kuti otsika pa Kwinzi ndi ati. Amawadziwira ku katundu: fulasiki ya phala, beseni, bulangete lokulunga m'chitenje, ndi kabuku kakuchipatala kofumbatidwa ngati ndalama. Ambiri mwa anthuwa si odwala ayi. Ndi magadiyani, abale odzadikirira matenda pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amachitchabe Gulupu. Aliyense wa iwo wasenza funso limodzi, limene adzalifunse motsitsa mawu, manja ali kumbuyo, dokotala akamaliza kuyendera wodi: "Adokotala, kodi achira?"

Funso limeneli si limodzi ndi lakuti akudwala chiyani. Kutchula dzina la nthenda ndi luso lina, kudziwa kumene nthendayo ikulowera ndi lusonso lina. Mwana aliyense wa ku Chigumula akaona nkhungu yozizira ikukuta mapiri mwezi wa June amadziwa kuti ndi chiperoni. Koma wonena kuti chikhala masiku awiri kapena sabata yathunthu ndi mlimi amene waona ziperoni zambiri, nasunga m'mutu mathero a chilichonse. Madokotala nawo amafuna zizindikiro zoterozo.

Kumene lusoli limavuta kwambiri ndi m'mutu. Mimba dokotala amaigwira ndi manja, chifuwa amachimvetsera, fupa lothyoka limaoneka pa X-ray, koma ubongo udatsekeredwa m'chibade. Chotupa chikamera m'menemo, wina amakhala nacho zaka zambiri, wina miyezi yowerengeka, ngakhale zotupa ziwirizo zitaoneka zofanana. Masiku ano asayansi akufunafuna yankho m'tizidutswa tating'ono kwambiri ta m'maselo totchedwa microRNA. Nkhani ya tizidutswati imamveka yakutali, ya ku Boston ndi ku New York. Komatu pa luso lowerenga za m'kati mwa mutu wotseka, Blantyre si mlendo. Mzindawu udaphunzitsapo dziko lonse, ndipo dzina lake lili m'mabuku a madokotala kulikonse kumene kuli malungo.

Masiku a ula ndi tochi

Amishoni a Church of Scotland adakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876. Patangopita zaka 8, mu 1884, dokotala wina wa ku London dzina lake Rickman Godlee adatsegula chibade cha mnyamata wa zaka 25 n'kuchotsamo chotupa. Padalibe makina aliwonse omuonetsa pamene chotupacho chidali. Iye ndi mnzake Alexander Hughes Bennett adapadziwira ku zizindikiro zokha: dzanja lakumanzere limene lidafooka ndi mmene thupi linkagwedezekera wodwalayo akagwa. Chotupa adachipezadi pamene adaganizirapo, koma mnyamatayo adamwalira patatha pafupifupi mwezi chifukwa bala lidalowa tizilombo.

Kuno, chipatala chenicheni cha mishoni chidayamba kuoneka m'nthawi ya Dr. Neil Macvicar, amene adafika mu 1896 n'kuyamba kuphunzitsa anyamata akuda ntchito ya chipatala. Wodziwika kwambiri mwa iwo adali John Gray Kufa, amene pambuyo pake adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 chifukwa chogwirizana ndi John Chilembwe. Ntchito yawo yaikulu idali zilonda, malungo, kamwazi ndi mabala. Za m'mutu zidali kutali ndi manja awo.

Munthu wa kumudzi akayamba kumva mutu wosatha, kusanza m'mamawa, maso kuchita chidima, mwina n'kumagwa ngati wakhunyu, abale ankapita naye kwa sing'anga kukamutema mphini m'litsipa, ndipo akulu a banja ankapita kukaombeza ula. Zimene ankafuna kumeneko si mankhwala okha. Ankafuna kudziwa ngati aitane malume a wodwalayo, ngati agulitse mbuzi, ngati mwana wa ku Wenela amulembere kalata. Funso la gadiyani wa pa Gulupu ndi lakale kuposa Gulupu yemweyo.

Yankho loyamba lodalirika pa zotupa za muubongo lidachokera ku Boston mu 1926. Harvey Cushing, dokotala wa opaleshoni, ankasunga kachidutswa ka chotupa chilichonse chimene wachotsa, ndipo ankalembera makalata odwala ake chaka ndi chaka kuti adziwe mmene akukhalira. Mnzake Percival Bailey adaunika zidutswa mazana angapo pa maikulosikopu, naziika m'magulu malinga ndi maonekedwe a maselo ake. Kenaka awiriwa adayala magulu aja pambali pa miyezi ndi zaka zimene wodwala aliyense adakhala ndi moyo. Apo zidaoneka poyera kuti magulu ena amapatsa munthu zaka zambiri, pamene chotupa chimene lero chimatchedwa glioblastoma chili m'gulu la zothamanga kwambiri. Maikulosikopu payokha sakadanena zimenezo. Adafunika makalata aja.

Gulupu ndi ulendo wa Burkitt

Matauni a Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1958 chipatala chatsopano chidatsegulidwa pakati pa awiriwo, m'mbali mwa msewu umene lero ndi Masauko Chipembere Highway. Kwa zaka zambiri madokotala a opaleshoni pa chipatalachi adali owerengeka, ndipo aliyense ankagwira thupi lonse, kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Mmodzi wa iwo adali Jan Borgstein wa ku Netherlands, amene adatumikira kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kufikira imfa yake mu 1979. Wovulala m'mutu pa ngozi ya galimoto akafika, chida chachikulu cholosera chidali tochi. Dokotala ankaunika m'maso, ndipo mwanadiso wa mbali imodzi akakula n'kuleka kuchepa ndi kuwala, ankadziwa kuti magazi akuunjikana m'chibade mbali imeneyo, n'kuboola msanga kuti atuluke.

Zotupa zochotsedwa m'thupi zinkayenda ulendo wautali. M'zaka za m'ma 1970 zidutswa zambiri za ku Malawi zinkatumizidwa pa positi ku St Thomas' Hospital ku London, kumene Pulofesa Michael Hutt ndi anzake ankaziunika n'kubweza yankho pa kalata. Pofika kalatayo, wodwala adali atabwerera kale kumudzi.

Ngakhale zidali choncho, dziko lino lidathandiza kutsegula khomo lalikulu pa sayansi ya khansa. Mu 1961 Denis Burkitt, dokotala wogwira ntchito ku Kampala, adanyamuka pa galimoto yakale pamodzi ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, n'kuyenda mamailosi pafupifupi 10,000 m'masabata khumi. Adayendera zipatala zoposa 50, za ku Nyasaland zili momwemo, akuonetsa zithunzi za ana otupa nsagwada n'kumafunsa ngati adaonapo zoterezi. Kuno yankho lidali lomveka bwino: ana ambiri otere ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, osati kumapiri kozizira. Khansayi inkatsata kutentha ndi chinyezi, njira yomweyo imene malungo amatsata. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachilombo m'maselo a chotupa chimenechi, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu. Ndiko ka Epstein-Barr.

Khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa zimene zimadzaza wodi ya ana odwala khansa pa Gulupu mpaka lero. Pulofesa Elizabeth Molyneux, pamodzi ndi anzake monga Peter Hesseling wa ku South Africa, adaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo, makamaka cyclophosphamide, atha kuchiritsa pafupifupi theka la ana otere. Anamwino a m'wodimo amadziwanso chizindikiro choipa: khansayi ikafika ku ubongo kapena kumsana, mwana n'kufooka miyendo kapena diso kupotoka, mwayi wochira umachepa.

Mapointi asanu a ku Blantyre

Nthenda ya muubongo imene idasautsa Blantyre koposa si chotupa, ndi malungo. Nyengo ya mvula, makamaka kuyambira January mpaka April, amayi ankafika pa Gulupu akuthamanga, ana okomoka ali kumsana. Ena mwa anawo ankatsitsimuka pakatha tsiku limodzi kapena awiri n'kupempha phala. Ena, ooneka chimodzimodzi pofika, ankangoleka kupuma usiku. Panalibe wodziwa kuti ndi uti adzatsata njira iti.

Madokotala adali ndi muyeso wa kukomoka wopangidwa ku Glasgow mu 1974, koma udali wa akuluakulu. Umafuna kuti wodwala anene dzina lake ndi kumene ali, kapena achite zimene wauzidwa. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka sangayankhe zimenezo ngakhale ali bwinobwino. Cha m'ma 1986 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University adayamba kafukufuku wa malungo a muubongo pa Gulupu, ndipo adakonza muyeso woyenera mwana wosayankhula.

Muyesowu umafunsa zinthu zitatu. Choyamba ndi maso: kodi mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ikamasuntha? Ngati akutsatira, pointi imodzi. Chachiwiri ndi thupi: akadinidwa pachifuwa, kodi atambasula dzanja kukankha chomupwetekacho? Akatero, mapointi awiri; akangobweza dzanja chikhadabo chikafinyidwa, imodzi; akangokhala chete, palibe. Chachitatu ndi kulira: kulira kwenikweni kwa mwana womva ululu ndi mapointi awiri, kubuula kapena kulira kwachilendo ndi imodzi, kusatulutsa mawu n'komwe palibe. Onse pamodzi ndi asanu. Mwana wopeza awiri kapena ochepera apo ali pa kukomoka kwakukulu.

Mu 1989 Molyneux, Taylor, Jack Wirima ndi Ankie Borgstein adasindikiza zimene adapeza pa ana 131 okomoka ndi malungo. Ana 20 adamwalira, ndipo ena adachira koma ndi zilema. Ofufuzawo adaonetsa zizindikiro zimene zinkatsogolera imfa, monga kukomoka kozama kwambiri, kuchepa kwa shuga m'magazi, kugwa kobwerezabwereza ndi kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Phindu lake lidali la pompopompo. Shuga wochepa amabwezeretsedwa ndi diripi, ndipo mwana wa mapointi otsika amagonekedwa pafupi ndi tebulo la namwino. Muyeso uja lero umatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo umagwiritsidwa ntchito m'zipatala za ana m'maiko ambiri a malungo. Sufuna magetsi. Umafuna chala, pensulo, ndi nkhope ya mayi.

Zenera la diso, kenaka MRI

Panatsala vuto lina. M'dera limene ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, mwana wokomoka wopezeka ndi tizilomboto sikuti wakomoka ndi malungo nthawi zonse. Dokotala wa maso Susan Lewallen adayamba kuunika kuseri kwa maso a ana okomoka pa Gulupu, ndipo mu 1993 adafotokoza zimene adaona: mawanga oyera, timadontho ta magazi, ndi kutupa kwa mtsempha waukulu wa diso. Kuseri kwa diso ndi mphukira ya ubongo, malo okhawo amene mitsempha yake imaoneka popanda kung'amba. Kutupa kwa mtsempha uja ndi chizindikiro chomwecho chimene dokotala amayang'ana mwa munthu woganiziridwa chotupa cha muubongo, chifukwa kumasonyeza kuti m'chibade mwathina.

Kuti zitsimikizike, padafunika chinthu chowawa. Kuyambira 1996 ofufuza adapempha makolo oferedwa kuti alole matupi a ana awo aunikidwe maliro asananyamuke. Pa mwambo wathu pempho lotere ndi lolemera, ndipo mayi payekha sangaliyankhe popanda eni mbumba. Mabanja ena adakana, ena adalola. Mu 2004 zotsatira zidatuluka: mwa ana 31 amene onse ankaoneka kuti afa ndi malungo a muubongo, 7 adafa ndi matenda ena, ndipo chizindikiro chimene chidasiyanitsa magulu awiriwa ana ali moyo chidali cha m'maso chija. Mabanja amene adavomera ali pachisoni ndiwo adagula nzeru imeneyi, ndipo mbiri ya lusoli ndi yawonso.

Mu 2008 makina a MRI adafika pa Gulupu, oyamba m'Malawi muno, ndipo Dr. Sam Kampondeni ndiye ankawerenga zithunzi zake. Mutu wotseka uja udaoneka bwino m'kati mwini wake akupuma. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake adalengeza zimene adaona pa ana 168. Mwa 25 amene adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka adali 27 okha pa 100 alionse. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, n'kudina tsinde lake, pamene pamalamulira kupuma. Chimene chinkazimitsa ana usiku uja chidadziwika.

Makinawo adabwerera malungo, koma adaunikanso akuluakulu a mutu wosatha, ndipo zotupa zidayamba kuoneka bwino kukula kwake ndi malo ake.

Manja otsegula chibade

Kuona chotupa si kuchichotsa. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, Pulofesa John Chiphangwi ali mmodzi mwa oilimbikira, ndipo woyamba kutsogolera maphunziro a opaleshoni adali Adelola Adeloye wa ku Nigeria, katswiri wa opaleshoni ya ubongo, amene adakhala kuno zaka pafupifupi khumi. Mwa ophunzira a kolejiyi mudatuluka Dr. Patrick Kamalo, amene adakaphunzira opaleshoni ya ubongo ku South Africa n'kubwerera ku Gulupu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Kwa zaka zingapo ntchito yonse ya ubongo pa chipatalachi idali pa mapewa ake: makanda odzadza madzi m'mutu, ovulala pa ngozi za pamsewu, ndi zotupa. Mgwirizano ndi chipatala cha Oslo University Hospital cha ku Norway udathandiza pa zipangizo ndi maphunziro, ndipo madokotala achinyamata adayamba kuphunzira lusoli konkuno.

Si chotupa chilichonse cha m'mutu chili khansa. Meningioma, chomera pa chikuto cha ubongo, kawirikawiri chimakula pang'onopang'ono, ndipo chikachotsedwa chonse munthu atha kubwerera ku ntchito yake. Zina zooneka ngati zotupa pa chithunzi zimakhala TB ya muubongo kapena matenda olowera pa kuchepa kwa chitetezo mwa amene ali ndi HIV, ndipo zimenezo mankhwala amazisungunula. N'chifukwa chake kachidutswa kamayenera kupita kwa woyeza. Ntchito imene kale inkachitikira ku London idabwera kwathu m'manja mwa akatswiri monga Pulofesa George Liomba ndi Dr. Charles Dzamalala, amenenso adalimbikitsa kaundula wa odwala khansa ku Blantyre.

Mwendo wachitatu wa chithandizo pambali pa opaleshoni ndi mankhwala, kuwotcha chotupa ndi cheza, ndiwo udachedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri wofuna chithandizochi ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Zambia, ku Tanzania, ku South Africa kapena ku India, ndipo ambiri sankakwanitsa. Mu 2024 chipatala cha khansa chimene a Thomson Mpinganjira adatsogolera kumanga ku Nyambadwe chidatsegulidwa ndi makina otere.

Kanyongolotsi ndi mthenga

Chaka chomwecho cha 2024, mphoto ya Nobel ya zachipatala idapita kwa Victor Ambros ndi Gary Ruvkun chifukwa cha ntchito imene adaisindikiza mu 1993, chaka chimene Amalawi adavota pa riferendamu ndipo Lewallen ankafotokoza za maso a ana a pa Gulupu. Awiriwa sankafufuza khansa. Ankaunika kanyongolotsi ka m'dothi kotalika milimita imodzi, kotchedwa C. elegans, kuti amvetse chifukwa chimene tina mwa ito tinkalephera kukhwima pa nthawi yake.

Kuti zimveke, selo lililonse la thupi lili ngati mudzi. Pakati pake pali DNA, buku lalikulu la malamulo limene silituluka m'nyumba ya mfumu. Pakafunika kupanga chinthu, lamulo limakoperedwa pa kalata, ndiyo RNA, ndipo mthenga amapita nayo kwa amisiri opanga mapuloteni. Zimene Ambros, pamodzi ndi Rosalind Lee ndi Rhonda Feinbaum, adapeza ndi kachidutswa ka RNA ka zilembo pafupifupi 22 zokha, kosanyamula lamulo lililonse. Ruvkun adaonetsa ntchito yake: kamadikirira mthenga panjira, n'kumamatira pa kalata yake kuti isawerengedwe. Kwa zaka 7 ambiri ankayesa kuti ndi zachilendo za kanyongolotsi basi. Mu 2000 Ruvkun adapeza kachidutswa kachiwiri, let-7, kamene kalinso mwa nsomba, mwa ntchentche ndi mwa munthu. Mu 2001 tidapatsidwa dzina la microRNA, ndipo lero tikudziwika toposa 1,000 m'thupi la munthu.

Selo lili ndi malamulo ouza kuti gawikana, ndi ena ouza kuti ima, kapena ufe chifukwa wawonongeka. Kachidutswa kotsekereza kalata ya "ima" kakachuluka, selo silimanso. Mu 2002 George Calin ndi Carlo Croce adaonetsa kuti tizidutswa tiwiri, miR-15 ndi miR-16, timasowa mu khansa ina ya m'magazi. Mu 2005 Jennifer Chan, Anna Krichevsky ndi Kenneth Kosik adapeza kuti miR-21 amachuluka kwambiri mu glioblastoma, ndipo atamutsekereza m'maselo a chotupacho mu labotale, maselo ambiri adayamba kufa. Kafukufuku wotsatira m'maiko osiyanasiyana adaonetsa kuti odwala amene zotupa zawo zili ndi miR-21 wambiri kawirikawiri amakhala nthawi yofupikirapo. Wina ndi miR-10b, amene muubongo wabwino sapezeka kwenikweni koma m'zotupazi amadzaza.

Nkhaniyi ili ndi nthambi yobwerera kwathu. Mu 2004 ku New York, Sébastien Pfeffer ndi Thomas Tuschl adapeza kuti mavairasi nawonso amapanga microRNA yawoyawo. Adaipeza koyamba mu kachilombo ka Epstein-Barr, m'maselo a khansa ya Burkitt, yomwe ija Burkitt ankaifunsa m'zipatala za Nyasaland. Chaka chotsatira idapezekanso mu kachilombo koyambitsa Kaposi sarcoma, khansa imene Malawi amaidziwa bwino chibwerereni HIV. Kumadzulo kwa Kenya ofufuza ayerekezapo kale microRNA ya m'zotupa za ana opulumuka ku khansa ya Burkitt ndi ya amene adamwalira, ndipo ku Manhiça m'dziko la Mozambique aiyeza m'magazi a ana odwala malungo aakulu.

Chikoka chachikulu cha tizidutswati n'chakuti n'tolimba. Mu 2008 zidadziwika kuti timayenda m'magazi osawonongeka msanga. Timapezekanso m'madzi a pamsana, ndiponso m'zidutswa zakale zosungidwa mu phula m'malabotale. Timayezedwa ndi PCR, njira imene akatswiri a ku Blantyre adaizolowera poyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi, TB, ndi Covid-19 mu 2020. Kwa dziko limene madokotala otsegula chibade ndi owerengeka, chiyembekezo chodziwa ukali wa chotupa kuchokera ku magazi a pamkono si chaching'ono.

Chimene chatsala

Komabe mpaka lero microRNA sinalowe m'ndandanda wa zoyeza za tsiku ndi tsiku pa zotupa za muubongo, ngakhale m'zipatala zolemera. Zizindikiro zimene zidalowa ndi zina. Mu 2005 kafukufuku wa Roger Stupp pa odwala glioblastoma 573 adaonetsa kuti kuphatikiza cheza ndi mankhwala a temozolomide kumakweza nthawi yapakatikati yokhala ndi moyo kuchoka pa miyezi 12.1 kufika pa 14.6, ndipo amene jini yawo ya MGMT, limodzi mwa malamulo a mu DNA, idali yotsekedwa m'chotupa ndiwo adapindula kwambiri. Mu 2008 kudadziwika kusintha kwa jini ya IDH, kumene kumasonyeza chotupa chofatsirapo. Bungwe la WHO lidalowetsa zizindikiro za majini pa kagawidwe ka zotupa za muubongo mu 2016, n'kuonjezera mu 2021. Tizidutswa monga miR-21 sitidalowe nawo.

Zifukwa zake n'zomveka. Kafukufuku wambiri adachitika pa odwala ochepa, ndi njira zoyezera zosiyana, kotero mayankho sagwirizana nthawi zonse. Komanso miR-21 samachuluka m'chotupa cha muubongo mokha. Amakweranso m'makhansa ena ambiri ndi pamene thupi likulimbana ndi kutupa wamba. Maselo ofiira akasweka potenga magazi amakhuthulira microRNA yawo m'botolo n'kusokoneza muyeso. Kwathu kuno mfundo zimenezi n'zolemera kawiri, chifukwa magazi a wodwala wa ku Chilomoni atha kukhala atadutsamo malungo, TB kapena HIV. Muyeso wokhazikitsidwa pa odwala a ku Shanghai kapena ku Houston uyenera kuyesedwanso pa odwala a kuno, monga muyeso wa Glasgow udayenera kuumbidwanso kuti ukwane mwana wa kumsana.

Yankho la funso la gadiyani lili ndi ntchito ngakhale likakhala lowawa. Banja lodziwa kuti chotupa n'chofatsa limalimba mtima kuvomera opaleshoni. Lodziwa kuti nthawi yafupika siligulitsa munda chifukwa cha ulendo wopanda phindu, ndipo limatumizidwa msanga ku Tiyanjane, kiliniki ya pa Gulupu yochepetsa ululu imene idayamba mu 2003, kapena ku Umodzi ngati wodwalayo ndi mwana.

Zambiri zofunika pa kafukufuku wotere zili kale pafupi ndi Ginnery Corner: madokotala ochotsa zotupa, oyeza zidutswa, mafiriji ndi makina a PCR a ku Malawi-Liverpool-Wellcome, imene idakhazikitsidwa mu 1995, ndi a ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idalowa m'malo mwa College of Medicine mu 2021. Chovuta kwambiri ndi chija Cushing ankachipeza ndi makalata, kudziwa mathero a wodwala aliyense. M'makomboni ambiri a Blantyre nyumba zilibe manambala, ndipo nambala ya foni imene idalembedwa pa fayilo imatha kuzima pakatha miyezi itatu. N'chifukwa chake ogwira ntchito za kafukufuku m'tauni muno adazolowera kujambula mapu pa pepala wodwala asanatuluke: mutsike pa msika, mudutse chigayo, mufunse pa mpopi wachiwiri. Pakapita miyezi, wina amakwera njinga yamoto kulowera ku Chilobwe kapena ku Machinjiri, pepala lija lili m'thumba. Akafika amaodira, amakhala pa mkeka, amalonjerana ndi eni nyumba, kenaka amafunsa kuti odwala aja ali bwanji. Nthawi zina amatuluka okha m'nyumba kudzapereka moni. Nthawi zina amayi a pakhomopo amawerama, n'kutchula mwezi ndi tsiku, ndipo mlendoyo amapepesa kaye asanatulutse cholembera.